Chitseko Changa cha Mlombwa

Goliati Mathero, mwini mdadada wa zipinda zalendi kuseri kwa msika wa Njuli, anandibera chitseko Lachitatu pa 17 Juni 1987, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndine Gregorio Kalinde. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3 yakale ku mishoni, koma masiku ndimasunga, ndipo wondilakwira sindimuiwala. Ndikulemba m'mene ndinadziwira kuti ndi iyeyo, chifukwa anthu a pano akamakamba nkhaniyi amaseka, amati mdala uja anapenga chifukwa cha thabwa.

Zipinda za Goliati zinalipo zisanu, denga lake malata akutha. Lamulo lake linali lakuti ukalowa m'chipinda chokhala ndi chitseko chake, faifi kwacha pamwezi; ukabwera ndi chitseko chako, fili kwacha. Ku Limbe chipinda chonga chomwecho ankatchaja teni, n'chifukwa chake anthu ankathawira kuno n'kumalawirira basi. Ine ndinabwera ndi changa. Ndinkagulitsa fodya wa chingambwe pamsika, tsiku labwino n'kupeza fifite tambala. Pamenepo uchotsepo ufa, mchere, palafini, sopo. Thu kwacha yosiyanayo ndi imene inkandilekanitsa ndi kugona ndi njala.

Chitsekocho sichinali thabwa wamba. Chinali cha mlombwa, chofiira, cholemera. Ndinachigula ndi ndalama za ku Halale mu 1958 pomanga nyumba kwa mkazi wanga Idesi ku Kadewere. Tinabereka ana anayi, onse anatisiya ali aang'ono. Mitanda yapamanda chiswe chimadya, ndiye aliyense akamwalira ndinkatenthetsa msomali pamoto n'kulemba kuseri kwa chitseko: Albert 1960, Dorothy 1963, Robert 1966, ndipo m'munsi kwenikweni, Phyllis 1970. Idesi atamwalira, ine mkamwini wopanda mwana ndinalibenso changa pamudzipo. Alamu anga anati nyumba ndi munda n'za mbumba yawo. Chitseko chokha anandilola kuchotsa, kapena ankaopa mainawo. Ndinachimanga panjinga yobwereka n'kukankha mpaka pa Njuli.

Lachiwiri la sabata imeneyo ndinabwerera ku Kadewere kuti akandisudzule, poti chaka chinali chitakwana chimwalirire Idesi. Anandimeta, tinamwa thobwa, anandiuza kuti ndamasuka, ndikhoza kukakwatira kwina. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Ndinathokoza n'kunyamuka.

Ndinafika pa Njuli Lachisanu masana, chiperoni chikuwomba kuchokera kuphiri, kamvula kakuwaza. Ndili patali ndinaona khomo langa lili yasa ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

Sindinakuwe. Ukakuwa anthu amabwera n'kupondaponda pamene wakuba anaponda. Ndinaima n'kuyang'ana.

Loko wanga anali chikhomere, akulendewera pafelemu pamodzi ndi chitsulo chake, kiyi ali m'thumba mwanga. Chitsulocho ndinachimanga pachitseko ndi mabawuti awiri, manati ake ali m'kati. Mahinjesi nawo anali m'kati. Ndiye kuti womasulayo anamasulira m'nyumba, khomo lili chitsekere. Bulangeti linalipo, poto analipo, mipukutu iwiri ya fodya inali pamene ndinaisiya. Wakuba wanji wosiya fodya?

Makoma apakati a mdadada safika kudenga. Mnzako akatsokomola umamva ngati ali pamphasa pako. Kumanzere kwanga kunkakhala Matilda wogulitsa mandasi. Kumanja kunali chipinda chopanda munthu kuyambira Epulo. Pamwamba pa khoma la kumanjalo mwaye unali utapukutika, malo okwana mimba ya munthu, ndipo pansi panali tizibuma ta dothi.

Kenaka ndinayang'ana felemu. Masikuluwu onse asanu ndi limodzi a mahinjesi anali atabwezeredwa m'mabowo awo, lililonse atalipotokola pang'ono kuti lisagwe. Wakuba sabwezera masikuluwu. Amachita zimenezo ndi munthu amene manja ake anaphunzitsidwa kuti sikuluwu sitayidwa, ndipo manjawo amachita okha mwini asakuganiza.

Amisiri a matabwa pa Njuli analipo awiri. Mmodzi tinali titamuika kale chaka cham'mbuyo mwake, wotsala anali Mateyo. Koma mmisiri sadzituma. Ndinazula masikuluwuwo, n'kuwamanga pakansalu, n'kuyamba kufunafuna womutuma.

*

Matilda ndinamupeza kuseri akukazinga, maso ali psu ndi utsi.

"Mwabwera, bambo Kalinde? Akusudzulani? Ndiye mwasanduka mnyamata tsopano, tikufunireni mbeta."

"Chitseko changa chili kuti?"

"Ine ndimadya chitseko? Ndafika dzulo madzulo n'kupeza muli yasa, ndimati mwasamuka osatsanzika. Ndinakutchingirani ndi mphasa kuti mbuzi zisalowe, mphepo yagwetsa. Mundithokoze kaye."

"Munali kuti masiku onsewa?"

Anasiya kutembenuza mandasi.

"Simunamve? Ha, inu. Maluwa watisiya. Chikuku."

Maluwa anali mwana wa Phoebe wa chipinda chakumapeto, amene mwamuna wake anapita ku Joni osalembanso kalata. Anali ndi zaka zitatu. Ankabwera pakhomo panga kudzatola mapepala okulungira fodya, ati ndi ndalama zake. Ndinavula chipewa.

"Anamwalira Lachiwiri kuchipatala," anapitiriza Matilda. "Lachitatu m'mamawa mdadada wonse tinanyamuka kupita kumudzi kwawo, kuseri kwa Nguludi. Pano panatsala nkhuku zokha. Tayika dzulo."

"Nonse?"

"Tonse. Kupatula alandilodi, iwo anatipeza madzulo ndi bokosi. Abale, munthu uja timamunena kuti ndi woumira, koma watichotsa manyazi. Atsibweni a mwana anali atayamba kale kukamba zokulunga m'mphasa, ndalama ya matabwa kulibe. Iwo akuti ayi, mwana wa pamalo panga sangapite choncho. Anakwera basi kukagula ku Limbe, eitini kwacha, ya m'thumba mwawo. Pamanda anawatchula dzina katatu."

"Bokosi lotani?"

"Bokosi ndi bokosi, bambo, lokutira nsalu yoyera. Koma kulemera kwake! Adzukulu anachita kudandaula, akuti kamwana kotereka koma ngati tanyamula munthu wamkulu. Mayi wina anati ndi misozi ya amake yalemeretsa."

Mabokosi a ku Limbe ndi a paini. La Idesi linali la paini, amuna awiri analitsitsa pagalimoto osatuluka thukuta.

"Mwatani, bambo Kalinde? Khalani pansi, mugwera m'mafuta."

Sindinakhale.

*

Goliati anali m'sitolo mwake, kutsogolo kwa mdadada, akuyeza shuga m'timapepala. Anali munthu wamkulu thupi, mawu ake ofewa ngati a namwino.

"A Kalinde, pepani. Pepani kwambiri, achimwene. Ndamva. Dziko laipa. Anyamata a ku Limbe masiku ano amatsika basi masanasana, akaona pakhomo palibe anthu, basi."

"Anyamata a ku Limbe asiya fodya."

"Kapena sasuta."

"Kiyi wa chipinda chopanda munthu chija amakhala ndi ndani?"

"Ndi ine. Bwanji?"

"Munam'patsa wina?"

"Ndim'patse wina chifukwa chiyani? Ali apa." Anagwedeza makiyi a palamba.

"Lachitatu munali kuti?"

Anaseka, n'kuyang'ana mayi amene ankadikira shuga kuti nayenso aseke.

"Ku Kadewere akusudzulani kapena akulembani upolisi? Chabwino. Ndinakwera basi ya seveni koloko kupita ku Limbe. Ndinabwera ya thu koloko, bokosi lili pakaliyala. Kuchokera pamenepo ndinapita kumaliro. Funsani aliyense. Inu nokha ndi amene simunaoneke."

Mayi uja anandiyang'ana ngati ndine ndinapha mwanayo.

"Koma musagone pamphepo, achimwene," anatero Goliati, akumanga kapepala. "Pamsinkhu wanuwu chibayo sichichedwa. Ndili nacho chitseko, ndikuikirani lero lomwe. Kungoti lamulo mukulidziwa. Kuyambira mwezi wamawa, faifi kwacha."

"Ndilibe faifi kwacha."

"Zinthu zakwera, a Kalinde. Thumba la chimanga mwaliona? Malata mwawafunsa mtengo? Ine sindikudyerani. Kalaliki wina akufuna zipinda ziwiri zogundizana, ndimamukaniza chifukwa cha inu."

Potuluka ndinadzera kuseri kwa sitolo. Chitseko chija chinali chotsamira khoma, cha paini, chopyapyala ngati chivundikiro cha poto. Ndinachiyeza ndi zikhatho. Chinali chodulidwa kale molingana ndi felemu langa, limene ndi lalifupi kuposa enawo, ndipo podulapo panali patada kale ndi mvula ya masiku angapo.

*

Bwanali wokonza njinga ankakhala pansi pa mtengo wa mango pasiteji. Basi iliyonse imaima pamphuno pake. Ndinamupeza ataviika chubu m'beseni, akufunafuna pobooka.

"Ambuje, mwauka? Mutu akumetani bwino, ngati dzira."

"Lachitatu munali pano?"

"Ndipite kuti? Ine ndi mtengo uwu tinakwatirana."

"Basi ya seveni anakwera ndani?"

"Ambuje, ine maso anga amakhala patayala."

Ndinadula kachidutswa ka fodya n'kuika pabenchi pake. Anakanunkhiza, n'kukaika kukhutu.

"Aphunzitsi awiri, ndi mayi wa nkhuku. Nkhuku imodzi inathawa, tinaithamangitsa mpaka kuchigayo. N'chifukwa ndikukumbukira."

"A Goliati?"

"A Goliati basi ya seveni? Walahi, naini koloko anadutsa apa wapansi, jekete paphewa, kulowera kwa Mateyo kalipentala."

"Nanga ya thu koloko inatsitsa bokosi?"

"Bokosi pabasi ungaliphonye? Kondakitala amayamba wakangana ola lathunthu, anthu n'kumati tsoka, tsoka. Tsiku limenelo inatsitsa mtolo wa nzimbe ndi sisitere mmodzi." Anatulutsa chubu m'madzi n'kulasa kamtengo pobooka. "Bokosi linachoka pano panjinga, cha m'ma fili koloko. Njingayo ndinapopa ndine. Tayala lakumbuyo linachita kukhala pansi, ndinawauza a Goliati kuti akwere pang'onopang'ono, lingaphulike."

"Linachokera mbali iti?"

Analoza ndi mlomo kunjira ya kwa Mateyo.

"Simunadabwe pomva kuti lagulidwa ku Limbe?"

"Ife Asilamu timangokulunga m'sanda, za matabwa sitilimbana nazo. Ndinati kapena kwa Mateyo masiku ano kumatchedwa ku Limbe."

"Mungakanene zimenezi pamaso pa anthu?"

Bwanali anachotsa fodya uja kukhutu n'kumuika pabenchi, mbali yanga.

"Ambuje, benchi iyi ili pamalo a yani? Mtengo uwu ndi wa yani? Ine ana ndili nawo asanu. Mwandifunsa za nkhuku, ndakuyankhani za nkhuku."

*

Shedi ya Mateyo inali kuseri kwa chigayo. Mateyo ankaimba kwaya, ndipo pogwira ntchito ankang'ung'udza nyimbo za Misa. Tsiku limenelo shedi inali zii. Atandiona anayamba kupala thabwa limene linali losalala kale.

Pansi panali zopala zoyera za paini. Ndinazifukula ndi phazi. Pansi pake panali zofiira. Ndinatola chimodzi n'kununkhiza. Mlombwa wakale umanunkha utsi wa nyumba imene wakhalamo. Umenewu unkanunkha nkhuni za Idesi.

Ndinamasula kansalu kaja n'kuyamba kuika masikuluwu pabenchi pake, limodzilimodzi. Nditafika lachinayi anaika puleni pansi.

"Mayi Mariya," anatero.

"Anakuphunzitsa bwino abulazala a ku mishoni. Sunataye ngakhale limodzi."

"Abambo, ine sindine wakuba. Mulungu akundiona. Ine ndinauzidwa."

"Unauzidwa chiyani?"

"Anabwera m'mawa a Goliati. Akuti pali maliro a mwana, matabwa kulibe, ine paini anali atandithera, uyu ndagula dzulo. Akuti a Kalinde apita kwawo, akawasudzula sabweranso, chitseko andisiyira ine m'malo mwa lendi, kiyi apita naye mwangozi."

"Ndilibe ngongole ya lendi. Ndipo ku Kadewere si kwathu. Munthu akamusudzula amachoka, sakhala. Iwe ndiwe mwana kuti usadziwe zimenezo?"

"Ndinaganiza pambuyo, abambo. Nthawi imeneyo ndinkangoganiza za mwanayo. Kumudzi kwathu timatero, maliro akagwa matabwa palibe, timazula chitseko."

"Mumazula cha mwini maliro. Kapena mwini chitseko amapereka yekha."

Anawerama.

"A Goliati anatsekula chipinda cha pambali, anandigwirira mpando, ndinakwera khoma. M'kati munali mdima, ndipo pachitseko munali mutapachikapo chiguduli. Sindinaone kanthu. Ndinadzaona chili kale pabenchi pano, nditachitembenuza."

"Unaona chiyani?"

"Maina." Analoza pabenchi. "Ndinasiya sowo. Ndinati bwana, ichi si chodula, pali ana apa. Iwo akuti ana akufa safuna chitseko, wakufa wa lero akufuna bokosi, fulumira dzuwa likupita. Akuti pala malembawo."

"Unapala?"

"Dzanja linakana. Ndinangowatembenuzira m'kati. Mbali ya maina atatu ndi imene inakhala chivundikiro."

Ndinagwira benchi. Kunja chigayo chinkalira, amayi akuseka pamzere.

"Atatu," ndinatero. "Ana anga anali anayi."

"La m'munsi lija linatsala. Bokosi la mwana silitha chitseko chonse."

"Ndipatse."

Mateyo anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"A Goliati anati thabwa labwino lisawonongeke. Anati ndiwapangire kampando. Atenga m'mawa uno."

*

Loweruka masana Goliati anali pakhonde pa sitolo akusewera bawo ndi kalaliki uja wofuna zipinda ziwiri. Anthu anayi kapena asanu anaima mozungulira. Iye anali atakhala pakampando katsopano, kofiira, kopakidwa mafuta.

"Dzukani," ndinatero.

"Mwadzuka bwanji, a Kalinde? Kwathu timayamba ndi moni."

"Dzukani mutembenuze mpandowo anthu aone."

"Ndili pakati pa masewero, achimwene."

"Pansi pake palembedwa Phyllis 1970. Ndinalemba ndine ndi msomali wamoto, tsiku lomwe tinamuika. Ngati ndikunama, mundimange."

Anthu anayang'anizana. Atatu mwa iwo ankatenga sopo ndi shuga pangongole m'sitolomo. Goliati anamaliza kutaya nkhomo zake bwinobwino, dzenje ndi dzenje. Kenaka anauza anthuwo kuti atipatse mpata, mdalayu wangochoka kosudzulidwa, mutu sunakhazikike. Anachoka onse, kalaliki pambuyo. Iye sanadzuke.

"Tiyerekeze kuti ndi choncho," anatero motsitsa mawu. "Mukufuna chiyani?"

"Chitseko changa."

"Chili m'manda. Apolisi adzati tichione. Kuti achione, mpaka kufukula. Mwana wa masiku awiri m'dothi, a Kalinde. Inu munaikapo ana, mukudziwa."

"Mpandowo ndi umboni."

"Umboni wa chiyani? Mpando ndagula kwa Mateyo. Thabwa analitenga kuti, mukamufunse iyeyo. Anakwera khoma ndani? Anamasula mahinjesi ndani? Anacheka ndani? Mukapita kupolisi, womangidwa ndi Mateyo. Mkazi wake ndi woyembekezera. Ine adzandifunsa, ndidzati ndinanyengedwa, ndinapereka ndalama ya bokosi kwa mmisiri osadziwa kuti ndi wakuba."

"Pamanda munati mwagula ku Limbe."

"Pamaliro anthu amamva zosiyanasiyana."

"Mukanandipempha," ndinatero. "Mwana uja ankasewera pakhomo panga."

"Mukanapereka?"

Mpaka lero sindikudziwa.

"Mwaona," anatero. "Ndakuchitirani chabwino chimene inu nokha simukanatha."

"Ndipatseni mpandowo basi. Za chitseko tizisiye."

"Ndikakupatsani, anthu adzati ndavomera." Anayamba kubwezera nkhomo m'maenje. "Tichite chonchi. Phoebe wabwera m'mawa uno kudzatenga katundu wake. Pitani mukamuuze kuti mwana wake wagona m'chitseko chakuba, mukufuna afukule. Akalola, adzukulu ndilipira ndine, ndipo mpandowu ndidzautembenuza pamsika anthu onse akuona."

Ndinapita. Mulungu andikhululukire, ndinapita ndi mtima wokamuuza.

*

Phoebe anali pansi m'chipinda chake, mutu wometa atamanga kansalu kakuda. Katundu anali atamumanga kale m'chitenje: mapoto awiri, mbale, bulangeti. Lendi sakanaikwanitsanso, ankabwerera kumudzi. Pambali pa mtolowo panali kachitini. Ndinakazindikira. Munali mapepala anga a fodya, opindidwa bwinobwino.

"Agogo, lowani. Pepani mpando ndabweza kwa eni ake."

Ndinakhala pansi pafupi ndi khomo. Ndinapepesa monga mwa mwambo, n'kuika twente tambala pamphasa. Anaomba m'manja pang'ono.

"Ankakufunsani kuchipatala," anatero. "Ankati agogo a ndalama abwera liti."

Ndinayang'ana kudenga. Malata anali ndi mabowo, kuwala kukulowa ngati mchenga.

"Ndamva zakuchitikirani," anapitiriza. "Anthu alibe chisoni. Ife tili kumanda, iwo akuba. Chitseko chokongola chija."

"Ndi nkhani yomweyo ndabwerera, mwana wanga."

"Mwamupeza wakubayo?"

Ndinatsekula pakamwa. Iye anali atatembenukira kale kukhoma, akulankhula ngati munthu wolota.

"Ine chimene ndinkaopa ndi mphasa, agogo. Mchemwali wanga anapita m'mphasa, ndinaona dothi likumugwera. Usiku wonse wa Lachiwiri ndinkangoti, Maluwa dothi limugwera kumaso. Ndiye bokosi lija litafika, amayi anandiitana kuti ndidzamugoneke ndekha. Lolimba, agogo. Ndinaligogoda ndi chala, silinalire n'komwe. Amayi akuti limeneli chiswe sichilowa zaka makumi. Ndipo pansi pa chivundikiro panali malemba, mizere itatu, yochita kuwotcha. Ine sukulu sindinapite. Ndinafunsa a Goliati, akuti ndi mawu a m'Baibulo, mabokosi odula a ku Limbe amawalemba choncho. Mizere itatu, pamaso pake penipeni." Anatembenuka. "Ndikagona ndimaganiza zimenezo, kuti sali yekha, ali ndi mawu. Inu munaphunzira, agogo. Amalemba mawu anji m'mabokosi?"

Masikuluwu anali m'dzanja langa. Ndinawafinya mpaka anandilasa.

"Amalemba maina," ndinatero.

"Maina a ndani?"

"A ana amene anatsogola. Kuti akamulandire."

Anayang'ana kachitini kaja. Kenaka anagwedeza mutu, n'kuyamba kulira mosakuwa, misozi ikungotsika. Ndinadikira mpaka atatha.

"Munati mwabwerera nkhani ya chitseko," anatero akupukuta.

"Ndimafuna kufunsa ngati munaona munthu wachilendo masiku apitawo."

"Ayi, agogo. Ine maso anali pa mwana."

Anandipatsa kachitini kaja, ati n'zanu. Ndinamunyamulira mtolo mpaka pasiteji. Podutsa pasitolo anagwada n'kuthokoza Goliati, iye ali chikhalire pampando paja. Goliati anamuuza kuti asadandaule, tonse ndife ana a Mulungu. Kenaka anandiyang'ana ine, n'kufunsa ngati takambirana.

Basi ya thu koloko inabwera pa nthawi yake.

*

Masiku otsala a Juni ndinagona ndi chiguduli pakhomo, chifuwa chinandigwira ndipo sichinandisiyebe. Pa 1 Julaye Goliati anaika chitseko chake cha paini, n'kunena faifi kwacha. Ndinatuluka. Kalaliki analowa m'zipinda ziwirizo pa naini kwacha, anabowola khoma lapakati.

Tsopano ndimakhala m'khitchini yakale kuseri kwa chigayo, wani fifite pamwezi. Khomo lake nditseka ndi chiguduli chomwe chija. Mateyo akandiona amadzera njira ina. Bwanali amandipatsa moni n'kuyang'ana tayala. Matilda amauza makasitomala ake kuti ndinasokonezeka chimwalirire mkazi wanga. Chaka chotsatira Goliati anamusankha kukhala wapampando wa komiti ya maliro pamsika, ndipo pomusankha anatchula za bokosi la Maluwa.

Zaka ziwiri zapita. Masikuluwu asanu ndi limodzi ali m'kachitini, pamodzi ndi mapepala a fodya. Albert, Dorothy ndi Robert ali m'manda a kuseri kwa Nguludi. Phyllis ali pakhonde pa sitolo, pansi pa mpando wa Goliati Mathero.